Chikoka: mawu okopa anthu anachokera kuti?

Moni nonse. Lero tili pamsika wa Limbuli kuno ku Mulanje. Taonani mayi awo akugulitsa zinanaziwo. Anzawo pambalipa ali ndi zinanazi zomwezo, mtengo ndi umodzi, koma ogula akuunjikana pa iwo okha. Wina anena kuti ali ndi chikoka. Wina anong'oneza mnzake kuti anakhwimira malonda.

Mawu akuti chikoka achokera ku kukoka, ngati momwe umakokera mbuzi pachingwe. Aswahili nawo amati mvuto, kuchokera ku kuvuta, komwe ndi kukoka komweko.

Azungu kumbali yawo anayambira ku matsenga. Mawu a Chingerezi akuti charm, omwe ndi chikoka chomwechi, anachokera ku Chilatini carmen, kutanthauza nyimbo, makamaka yoimba polodza kapena pochiritsa. Enchant ndi chimodzimodzi: incantare, kumuimbira munthu mpaka nzeru zimuthere.

Amene amandigwira mtima ine ndi fascinate, kukopa munthu kotheratu, ochokera ku mawu a Chilatini akuti fascinum. Aroma akale anali ndi kachithumwa kotchedwa fascinum, kosemedwa ngati maliseche a mwamuna, ndipo ankaveka ana m'khosi kuti diso la wanjiru lisawapweteke. Nditamva zimenezi ndinakumbukira agogo anga akumangirira mphinjiri m'chiuno mwa mng'ono wanga ali khanda. Kachingwe kakuda, kamfundo pakati, manja awo akunjenjemera. Mantha awo anali omwe aja a mayi wa ku Roma.

Nanga glamour, amene atsikana amalemba pansi pa zithunzi pa Facebook? Ndi grammar, galamala yomwe ija ya kusukulu! Kale ku Ulaya anthu wamba ankakhulupirira kuti wodziwa mabuku a Chilatini amadziwanso matsenga. Pofika zaka za m'ma 1700, anthu a ku Scotland anali atawapotoza mawuwo kukhala glamour, matsenga ophimba anthu m'maso, ndipo mlembi Walter Scott anawafalitsa. Charisma okha ndiwo anadzera kutchalitchi. Ndi Chigiriki, mphatso ya chisomo imene Paulo akunena pa 1 Akorinto 12. Katswiri wa ku Germany Max Weber, amene anamwalira mu 1920, ndiye anawatengera kwa atsogoleri okoka makamu.

Mayi aja ndakhala nawo m'mawa wonse. Wogula aliyense akumutchula dzina, akumufunsa za ana kunyumba, kenako akumudulira kachidutswa kuti alawe. Tiyeni tiwafunse okha. Mayi, mwaswera bwanji?