Kabokosi kolamula nthawi yoyaka ya koyilo ya Tesla

Zikomo nonse. Amene muli kumbuyo sendezani mipando kuno, zida zili patebulopa ndi zing'onozing'ono.

Koyilo ya Tesla mukuidziwa, ija imalavula timphezi. Nikola Tesla anaitulukira mu 1891, ndipo yake inkadula magetsi ndi moto wodumpha pakati pa zitsulo ziwiri. Ambiri masiku ano amaika ma transistor amphamvu otchedwa IGBT, pa mtundu wa koyilo umene amati DRSSTC. Lero sitikumanga koyiloyo. Tikumanga kabokosi kamene kamaiuza nthawi yoyaka ndi yozima, kamene amisiri amati interrupter. Ntchito yake yaikulu ndi kukaniza: chilichonse chikasokonekera m'kati mwake, koyilo izime.

Chifukwa chake ndi ichi. Magetsi a mu waya wokhuthala wa m'munsi uja, wa primary, amakula ngati mwana amene mukumukankha pa katungwe. Kukankha kulikonse kukubwera pa nthawi yake, iye akungokwererakwerera. Koyilo yaing'ono ya 250 kHz imamaliza ulendo umodzi pa mamikrosekondi 4 (sekondi imodzi ili ndi mamikrosekondi miliyoni imodzi). Mukaiyatsa mamikrosekondi 100 ndiye kuti mwakankha ka 25, ndipo pamenepo magetsi afika kale maampu mazana angapo. IGBT imapirira zimenezo kwa kamphindi, kenako imafuna kupuma kuti izizire. Mukaisiya chiyakire imaphulika dzanja lanu lisanafike pa switchi.

Choncho manambala ndi awiri. Yoyamba ndi utali wa kuyaka kumodzi, umene pa koyilo yaing'ono umakhala pakati pa mamikrosekondi 30 ndi 200. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa maulendo oyaka pa sekondi imodzi, BPS. Muchulukitse ziwirizi. Mamikrosekondi 100 kuchulukitsa ndi BPS ya 200 zikupereka 2 peresenti: pa nthawi yonse, koyilo ikuyaka magawo awiri okha pa 100. Nambala yachitatu imeneyi ndi imene imaotcha zida, ndipo ndi imene anthu amaiwala. Munthu amaika utali wabwinobwino, n'kuyamba kukweza BPS chifukwa phokoso likumusangalatsa, osadziwa kuti wachoka pa 2 peresenti wafika pa 10. Poyamba ikani malire a 3 peresenti. Mudzakweza mukadzaidziwa bwino koyilo yanu.

Zida zake nazi. Arduino Uno kapena Nano, bolodi yaing'ono yoikamo pulogalamu, ya chip ya ATmega328P yothamanga pa 16 MHz. Ma potentiometer awiri a 10k, amtundu uja wa volyumu ya wailesi. Chip ya 74HC123 ndi ina ya 74HC08. Transistor ya 2N3904. Chotumizira kuwala cha HFBR-1414, chimene mnzake wolandira, HFBR-2412, amakhala pa bolodi yoyendetsa koyilo. Chingwe cha faiba cha mamita 5 mpaka 10 chokhala ndi mitu ya ST. Batani loti mukalisiya limadziduka lokha, bokosi la aluminiyamu, ndi mabatire.

Tibwere ku pulogalamu, chifukwa ambiri amagwa pamenepa. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kulemba digitalWrite HIGH kuti pini iyake, kudikira ndi delayMicroseconds, kenako digitalWrite LOW kuti izime. Musatero. Arduino ili ndi wotchi yake ya millis imene imadula pulogalamu yanu kamodzi pa mamilisekondi 1.024 alionse, ndipo ikakupezani pakati pa kuyaka, kuyakako kumatalika. Pulogalamu ikaima pini ili HIGH, imakhala HIGH mpaka kalekale. Lamulo la tone nalo liiwaleni, limayatsa theka la nthawi yonse, 50 peresenti.

Ntchitoyi ipatseni Timer1. Ndi chowerengera cha ma bit 16 chimene chili m'kati mwa chip, ndipo chimayatsa ndi kuzimitsa pini chokha popanda kudikira pulogalamu. Ikani prescaler, chogawira liwiro la chip, ya 8. Mukagawa 16 MHz ndi 8 mupeza 2 MHz, kutanthauza kuti chikawerenga kamodzi yadutsa theka la mikrosekondi. Sankhani Fast PWM, mode 15. OCR1A ndi OCR1B ndi marejisitala, malo osungira manambala a Timer1. Mu mode imeneyi OCR1A ndi pothera kuwerenga, ndiye imalamula BPS, pomwe OCR1B imalamula utali wa kuyaka, ndipo zimatulukira pa pini 10. Mukufuna BPS ya 200? Gawani 2,000,000 ndi 200, mupeza 10,000, muchotsepo 1, muike mu OCR1A. Mukufuna mamikrosekondi 100? Ndi mawerengo 200, muike 199 mu OCR1B. Mabuku ambiri amaonetsa mode 14 imene imagwiritsa ICR1. Vuto lake, ICR1 imasintha nthawi yomweyo mukailembera, ndiye mukaitsitsa chowerengera chitadutsa kale pamenepo, chimapitirira mpaka 65,535 n'kuyambiranso, koyilo n'kumamveka ngati ikudodoma. Mu mode 15 nambala yatsopano imadikira ulendo uthe.

Tsopano mvetserani misampha itatu ya Timer1.

Woyamba ndi woopsa kuposa yonse. OCR1B ikafanana ndi OCR1A kapena kuiposa, pini siizimanso. Mwina mukuti zingatheke bwanji, 199 ndi 9,999 zatalikirana chotere. Zimatheka kudzera m'masamu. analogRead imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 1023. Mukaichulukitsa ndi 400 mupeza 409,200, pamene int ya Arduino imathera pa 32,767. Nambalayo imasefukira, imatha kusanduka ya negative, ndipo ikalowa mu OCR1B imakhala chinambala chachikulu. Masamu onse a nthawi achiteni ndi unsigned long, ndipo mzere womaliza musanalembere rejisitala ukhale wodula: utali ukaposa mawerengo 400, ubwerere pa 400, ukaposa 3 peresenti ya OCR1A, ubwerere pamenepo.

Wachiwiri uli kumunsi. Chowerengera chimathera pa 65,535, ndiye ndi prescaler ya 8 simungatsike pansi pa BPS ya 31. Yesani 30: 2,000,000 kugawa ndi 30 ndi 66,666. Rejisitala imataya 65,536, kutsala 1,130. Inu mumati mukutsitsa, koma koyilo yalumpha kufika pa BPS ya pafupifupi 1,770. Ikani malire apansi, tinene 40.

Wachitatu ndi waung'ono koma umasokoneza. Kuika 0 mu OCR1B sikuzimitsa kotheratu, pamatsala kakuthwanima ka theka la mikrosekondi ulendo uliwonse. Pofuna kuzimitsa, chotsani ma bit a COM1B mu TCCR1A kuti pini ichoke m'manja mwa Timer1, ndipo muigwetse pa LOW.

Pa potentiometer iliyonse, mwendo wapakati muupatse kapasita ya 100 nF yopita ku ground, ndi rezisita ya 100k yopitanso ku ground. Kapasita imameza phokoso la magetsi lochokera ku koyilo. Rezisita ndi ya tsiku limene mwendo wapakatiwo udzasiye kugunda chifukwa cha fumbi kapena kutha: m'malo moti Arduino iziwerenga manambala a m'malere, idzawerenga 0. Mulembenso kuti poyatsa kabokosi, kasatulutse kanthu mpaka potentiometer ya utali itabwezedwa pansi.

Inde, achimwene, mwakweza dzanja. Akufunsa kuti, ngati pulogalamu ili ndi malire onsewa, ma chip awiri enawo ndi a chiyani. Funso labwino. Pafupi ndi koyilo, chip yoganiza imatha kubalalika. Mphamvu ya koyilo imalowa m'mawaya, pulogalamu n'kudumphira pamzere wolakwika kapena kuima. Malire olembedwa m'pulogalamu amabalalika nayo limodzi. 74HC123 siiwerenga pulogalamu. Ikaona pini 10 ikukwera, imatulutsa HIGH kwa nthawi yoikidwa ndi rezisita ndi kapasita, kenako imagwa, kaya pini 10 yagwa kaya ayi. Nthawiyo ndi pafupifupi 0.45 kuchulukitsa R kuchulukitsa C. Rezisita ya 47k ndi kapasita ya 10 nF zikupereka mamikrosekondi pafupifupi 210. Nambala ya 0.45 imasiyana malinga ndi kampani yopanga chip, ndiye muyeze. Kenako pini 10 ndi zotuluka mu 74HC123 zilowe mu geti imodzi ya 74HC08, imene imalola pokhapokha zonse ziwiri zili HIGH. Arduino ikakakamira pa HIGH, koyilo ilandira kuyaka kumodzi kwa mamikrosekondi 210, basi. Miyendo ya mageti otsala muimangirire ku ground, ndipo chip iliyonse ikhale ndi kapasita yake ya 100 nF pafupi ndi miyendo ya magetsi.

Watchdog ya m'kati mwa ATmega328P, imene imayambitsanso chip pulogalamu ikaima, nayo iyatseni, pa mamilisekondi 250. Kumbukirani kuti pulogalamu ikaima, Timer1 imapitiriza kugunda, ndipo batani lililonse lodalira pulogalamu limakhala lakufa. Ma Nano ena a bootloader yakale (kapulogalamu koyamba kuyenda Arduino ikamadzuka), watchdog ikawadzutsa amangozungulira osayambanso, ndiye yesani zimenezi patebulo.

Kuchokera pa 74HC08, rezisita ya 1k ipite ku base ya 2N3904, ndipo ina ya 10k ichoke pa base kupita ku ground. Pini 10 nayo muipatse 10k yopita ku ground, chifukwa Arduino ikamadzuka mapini ake amakhala olendewera kwa kanthawi. Pini 13 musaigwiritse konse pa ntchitoyi, bootloader imaiphethiritsa poyamba. Kuchokera pa mavoti 5, magetsi adutse pa batani lija, pa rezisita ya maomu 100, pa LED ya mu HFBR-1414, kenako alowe pa collector. LED imadya mavoti pafupifupi 1.7, ndiye mudutsa mamiliampu pafupifupi 30, okwanira pa chingwe chachifupi chotere. Onani pamene batani lakhala: pa njira ya LED yeniyeniyo. Chala chikachoka, kuwala kwatha, kaya ma chip onse apenga.

Bwanji faiba osati waya wamba? Waya wa mamita 5 pafupi ndi koyilo umasanduka eriyo, umatola mphamvu ya koyilo n'kuibweza ku bolodi ngati lamulo loyatsa. Komanso kamphezi kakagunda wayayo, mapeto ake ali m'manja mwanu. Faiba ndi galasi, ndipo m'galasi simudutsa magetsi. Dongosolo likhale lakuti kuwala ndiko kuyatsa, mdima ndiko kuzimitsa, kuti chingwe chikaduka kapena kuzuka koyilo ikhale chete. HFBR-2412 imagwetsa mwendo wake wotulutsa pa LOW ikaona kuwala, ndiye mutsimikize kuti bolodi yanu ikuyembekezera zotembenuka choncho. Ma bolodi otchuka aja a Universal Driver, amene anayambitsa Steve Ward, ali ndi chip ya flip-flop yodikira kuti magetsi a primary adutse pa 0 isanazimitse IGBT, komanso chodulira magetsi akapyola muyezo. Zimenezo ndi zotchinjiriza zina, sizilowa m'malo mwa malire a kabokosi kanu. Kuwala kwa HFBR-1414 ndi kwa 820 nm, maso sakuona bwino, musasuzumiremo. Chingwecho musachipinde kwambiri.

Kabokosi kaziyendera mabatire okha. Musakalumikize ku soketi, ndipo chingwe cha USB chizuke koyilo isanayake, apo ayi mutaya ndi laputopu yomwe. Regulator ya pa bolodi imafuna mavoti osachepera 7, ndipo batire laling'ono lija la mavoti 9 silichedwa kufooka. Mabatire 6 a AA amakhalitsa. Amene muli ndi programmer, kwezani fuse ya brown-out, muyezo wa magetsi umene chip imazimirapo, kuchoka pa mavoti 2.7 kufika pa 4.3, kuti chip izizima bwinobwino m'malo moyenda moledzera pamene mabatire akutha. Zonse zilowe m'bokosi la aluminiyamu lolumikizidwa ku ground ya zida za m'kabokosimo, mawaya a m'kati akhale aafupi.

Mayi uko afunsa za nyimbo. Inde, BPS ndi imene khutu limamva ngati liwu. Kuyaka ka 440 pa sekondi ndi noti ya A, imene mu MIDI, njira imene makiyibodi amatumizira manoti, ndi nambala 69, ndipo mu OCR1A ndi mawerengo pafupifupi 4,545. MIDI imayenda pa ma baud 31,250, imalowa kudzera mu optocoupler, chip yodutsitsa uthenga ndi kuwala, ya 6N138 ndi rezisita ya maomu 220. Koma taonani masamu aja. Mamikrosekondi 100 pa 440 ndi 4.4 peresenti, pa 880 ndi 8.8. Kuti mukhale pa 3 peresenti, noti ya 440 ipatsidwe mamikrosekondi 68 okha, ya 880 ipatsidwe 34. Makiyibodi ambiri satumiza Note Off, amatumiza Note On ya velocity 0, ndipo pulogalamu yosazindikira zimenezo imasiya noti ikulira osaleka. Muikenso kuti noti ikadutsa masekondi awiri izime yokha.

Kuyesa kumayamba koyilo ili kutali, yosalumikizidwa. Ikani oscilloscope kapena logic analyser, zida zoonetsa kuyaka ndi kuzima kwa magetsi, pa mwendo wotulutsa wa 74HC08. Zunguzani ma potentiometer onse mpaka kumapeto, mbali zonse, mwachangu ndiponso pang'onopang'ono. Yatsani ndi kuzimitsa kabokosi kambirimbiri mukuyang'ana ngati pali kakuthwanima kobisika. Dinani reset. Ikani batire lofooka. Kenako lembani dala pulogalamu yongoika pini 10 pa HIGH, muone ngati 74HC123 ikudula pa 210. Mukamaliza, yezaninso ku mapeto a faiba, pa bolodi ya koyilo, magetsi aakulu asanalowe.

Tsiku loyatsa, dziwani kuti mavoti 230 a pa soketi zathu akawongoledwa amakhala pafupifupi 325 m'makapasita aakulu a koyilo, ndipo amakhalamo ngakhale mutazula pulagi. Amenewo amapha. Makapasitawo akhale ndi rezisita yotsitsa magetsi, ndipo muziyeza ndi mita musanagwire. Munthu wa pacemaker asayandikire, ana akhale patali, mawindo atseguke chifukwa cha mpweya wa ozone, makutu atsekedwe, ndipo musakhale nokha. Kabokosi kayake koyamba, magetsi a koyilo pambuyo. Pozimitsa, yambani ndi magetsi a koyilo. Yambirani pa variac (chokwezera ndi kutsitsira mavoti a pa soketi) yotsika, utali wa mamikrosekondi 30 ndi BPS ya 100. Dinani batani sekondi imodzi, siyani, zimitsani, yezani makapasita, mugwire heatsink, chitsulo choziziritsa IGBT, kuti mumve kutentha kwake. Ikakhala yozizira, onjezani mamikrosekondi 10 n'kubwerezanso.