Kodi mbalame zodzaza dambo lonse amaziwerenga bwanji?

[Pa sikirini: m'bandakucha, nkhungu yakuta dambo, abakha ali mbwee pamadzi.]

Moni nonse. Tayang'anani abakhawa, ndipo mumtima mwanu nenani kuti alipo angati. Mwaisunga nambalayo? N'kutheka kuti yachepa. Gulu likakula diso limachepetsa, ndipo izi zimachitikira ngakhale akatswiri.

Komatu pali anthu amene amachita ntchito imeneyi chaka ndi chaka. Pakati pa Januwale, anthu ongodzipereka m'mayiko oposa 100 amalawirira kumadambo, kunyanja ndi kumagombe kukawerenga mbalame zam'madzi. Kalemberayu amatchedwa International Waterbird Census. Anayamba mu 1967, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International.

Chifukwa chiyani Januwale? Mbalame zambiri mwa izi zimaswana kumpoto kwenikweni, monga ku Siberia ndi ku Scandinavia. Nthawi yoswana zimabalalika, ziwiri apa, ziwiri uko, moti palibe angaziwerenge. Madzi akayamba kuundana ndi chisanu, zimathawira kofunda. Pofika Januwale zambiri zimakhala zamaliza ulendo, zaunjikana malo ochepa. Mpata wake ndi umenewo.

[Pa sikirini: munthu waima chapatali, dzuwa lili kumsana kwake, akuyang'ana pa telesikopu.]

Gulu laling'ono mumawerenga imodziimodzi. Lalikulu ayi. Mumawerenga mbalame khumi bwinobwino, n'kuona kukula kwa malo amene zatenga. Kenako mumayendetsa diso ndi muyezo womwewo: 10, 20, 30, mpaka kumapeto. Zikachuluka kwambiri, muyezo umakwera kufika pa 50 kapena 100. Pamafunika kusamala, chifukwa pakati pa gulu zimathithikana kuposa m'mphepete. Mukamaliza, bwerezani kuchokera mbali inayo. Ndipo mtundu uliwonse pawokha: abakha awa, atsekwe awo, akakowa padera.

Chimene ndimapempha kwambiri n'chakuti musaziyandikire. Zikauluka, chiwerengero chasokonekera, chifukwa zikatera kwa mnzanu yemwe ali tsidya lina, nayenso aziwerenga. N'chifukwa chake owerenga amagawana dambo, amayamba nthawi imodzi, ndipo gulu likasamuka amalemba nthawi ndi kumene lalowera. Koma palinso chachikulu kuposa nambala. Mbalame imeneyi yauluka makilomita zikwizikwi, ndipo kuidzidzimutsa kulikonse kumaidyera mafuta amene ikusunga kuti ipirire kuzizira ndi kubwerera kwawo.

Kodi nambalayo imakhala yeniyeni? Ayi. Zina zimabisala m'bango tsiku lonse osaoneka. Mphamvu ya kalemberayu ili pa kubwereza: malire omwewo, njira yomweyo, nyengo yomweyo, chaka chilichonse. Mukatero, zimene munaphonya chaka chatha n'zofanana ndi zimene mwaphonya chaka chino, ndipo kukwera kapena kutsika kwa chiwerengero kumaoneka.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Munthu wafika padambo, wapeza kuli zii, n'kubwerera osalemba kanthu. Lembani ziro! Fomu yopanda kanthu ikutanthauza kuti palibe anapitako. Ziro akutanthauza kuti munthu anafika, anayang'ana, mbalame kunalibe. Mwina dambo lauma, mwina aliphwetsa kuti alimepo. Popanda ziro ameneyo, palibe angadziwe chaka chimene zinthu zinayamba kusintha.

Manambalawa amakathera kuti? Pangano la Ramsar, lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971, limati dambo lingalembedwe kuti ndi lofunika padziko lonse ngati nthawi ndi nthawi limasunga mbalame zam'madzi 20,000 kapena kuposa, kapenanso 1 peresenti ya gulu lonse la mtundu umodzi. Umboni wake umachokera m'makope a anthu oima m'matope aja.

[Pa sikirini: chithunzi choyamba chija chabweranso.]

Nawa abakha aja. Imitsani vidiyoyi, pezani khumi oyamba kumanzere, muyambirepo.