Ndalama za otsatsa malonda pa webusayiti: zimachokera kuti, zimatayikira pati?

[Pa sikirini: foni ikutsegula tsamba la nkhani za mpira. Pakati pa ndime ziwiri pakutuluka kabokosi kotsatsa malonda.]

Taonani kabokosi aka. Pamene tsambali limayamba kutseguka, pamalo apa panalibe kanthu. Sekondi imodzi isanakwane, malowa agulitsidwa pa okushoni. Makompyuta a otsatsa malonda auzidwa kuti wina watsegula tsamba, ali m'dziko lakuti, foni yake ndi yamtundu wakuti, akuwerenga za mpira. Aliyense watchula mtengo wake, ndipo amene watchula wokwera ndiye waika chithunzi chake. Mwini tsamba sanafunsidwe kanthu.

Amene munaperekezapo mabelo a fodya ku Kanengo kapena ku Limbe mwamva kale. Mlimi amalima, amasankha, amadinda mabelo, koma tsiku la malonda mtengo umachokera kwa ogula, ndipo ndalama isanafike m'manja mwake ena amayamba adulapo zawo. Webusayiti yodalira otsatsa malonda imayenda chimodzimodzi, kungoti katundu wake ndi maso a owerenga.

[Pa sikirini: RPM]

Tiyambe ndi masamu. Ambiri amalowera pa Google AdSense, pulogalamu ya Google yoika malonda pa mawebusayiti, yomwe inayamba mu 2003. Mumalembetsa, Google imayendera webusayiti yanu, ikakhutira imakupatsani khodi yoti muike pa masamba anu. Pa ndalama imene wotsatsa walipira, Google imati mwini tsamba amatsala ndi pafupifupi 68 peresenti. Pa YouTube, wopanga mavidiyo aatali amalandira 55 peresenti.

Nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi RPM, kutanthauza ndalama zimene mwapeza pa maulendo 1,000 aliwonse amene masamba anu atsegulidwa. Tingoyerekeza kuti RPM yanu ndi dola imodzi, ndipo masamba anu amatsegulidwa maulendo 30,000 pamwezi. Amenewo ndi maulendo 1,000 tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Mwezi ukatha mwapeza madola 30. AdSense situlutsa ndalama zisanakwane madola 100, ndiye kuti mudikira miyezi inayi, ndipo malipirowo amatumizidwa pakati pa 21 ndi 26 mwezi wotsatira. Nthawi yonseyi mukulipira seva yosungira webusayiti, dzina la webusayitilo, bandulo, thiransipoti ya wokatola nkhani. Ngati zonsezi zikudya madola 40 pamwezi, mukugwira ntchito tsiku ndi tsiku uku ngongole ikukwera ndi madola 10 mwezi uliwonse.

Nanga n'chifukwa chiyani wina amapeza RPM yokwera kangapo kuposa ya mnzake, pomwe khama lawo ndi lofanana? Wotsatsa alibe nayo ntchito nkhani yanu. Chimene akulipirira ndi mwayi woti wowerenga wanu adzagule katundu wake. Wowerenga ali ku London kapena ku Johannesburg, amene ali ndi khadi yogulira zinthu pa intaneti, amalimbiranidwa ndi makampani ambiri, mtengo wake n'kukwera. Wowerenga ali ku Dedza, ngakhale atawerenga nkhani yonse mpaka kumapeto, omupikisanirana pa okushoni ndi ochepa. Mutu wa nkhani nawonso uli ndi mbali yake. Tsamba la ngongole, inshuwalansi kapena sukulu zakunja limakoka otsatsa a ndalama zambiri kuposa la miseche ya oyimba. Nyengo nayonso: kuyandikira Khirisimasi makampani amakhuthula ndalama, January akangolowa mitengo imagwa. Musapange bajeti ya chaka chonse potengera zimene mwapeza mu December.

[Pa sikirini: mndandanda wa zilankhulo zololedwa pa AdSense]

Apa pali nkhani yowawa kwa ife olankhula Chichewa. AdSense ili ndi mndandanda wa zilankhulo zimene imalola. Chingerezi chilipo, Chipwitikizi chilipo, Chichewa palibe. Malamulo awo salola kuika khodi yawo pa masamba amene mbali yaikulu yalembedwa m'chilankhulo chosaloledwa. Choncho munthu amene wadzipereka kulembera anthu akwawo m'chilankhulo chimene amamva bwino, khomo lalikulu limeneli amalipeza lotseka. Ndi bwino kudziwa zimenezi musanawononge chaka chathunthu mukuyembekezera ndalama za Google.

Ku YouTube zotchinga zake ndi zina. Kuti mavidiyo aatali ayambe kukupatsani ndalama za malonda, pamafunika anthu 1,000 otsatira tchanelo chanu ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12 yapitayo. Komanso pulogalamu ya malipiroyi sinafike m'mayiko onse, ndiye yambani mwaona mndandanda wawo. Ena amalemba adiresi yabodza ya dziko lina kuti alowe. Amenewa amakagwidwa pa PIN. Ndalama zikakwana madola 10, Google imatumiza pa positi kalata yokhala ndi manambala 6 ku adiresi imene munalemba, ndipo mukapanda kuwalowetsa m'miyezi inayi malonda amasiya kuoneka. Gwiritsani ntchito bokosi la ku positi limene mumalitseguladi, ndipo dzina la pa akaunti likhale lomwe lili pa chiphaso chanu ndi ku banki. Lembaninso fomu ya msonkho wa ku America. Mukaisiya, YouTube ikhoza kudula mpaka 24 peresenti ya ndalama zanu zonse. Mukailemba, amadula pa gawo lokhalo lochokera kwa oonera a ku America.

Tsopano cholakwika chimene chagwetsa ambiri. Munthu amaona kuti ndalama zikuchedwa, ndiye amaponya uthenga m'gulu la WhatsApp: "Abale, lowani pa tsamba langa mudine malonda." Kapena amadina yekha pa foni ya mkazi wake. Makompyuta a Google amaona kuti anthu omwewo, ochokera malo amodzi, akungolowa, kudina, n'kutuluka osagula kanthu. Poyamba akhoza kuchepetsa malonda oonekera pa tsamba lanu. Zikapitirira amatseka akaunti, ndalama zimene zinalimo n'kubwezedwa kwa otsatsa, ndipo kutsegula akaunti ina m'dzina lomwelo sikuloledwa. Kugula alendo kwa anthu olonjeza "maulendo 50,000 pa mtengo wotsika" kumathera komweko, chifukwa ambiri mwa alendowo ndi makina. Ngakhale mwini tsamba wosalakwa, nambala imene amaiona tsiku ndi tsiku ndi yongoyerekeza, imakonzedwanso mwezi ukatha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Musakongole ndalama podalira nambala ya pa sikirini.

[Pa sikirini: January 2018]

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi lakuti msewu umene owerenga amadzera si wanu. Ochepa okha ndi amene amalemba dzina la webusayiti yanu. Ambiri amachokera pa Facebook kapena pa Google. Mu January 2018, Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, analengeza kuti Facebook iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi, za makampani a nkhani zibwerere m'mbuyo. Ku America kunali webusayiti yotchedwa LittleThings, imene inakula chifukwa cha Facebook. Eni ake anati alendo obwera okha popanda kulipirira anachepa ndi 75 peresenti, ndipo mu February chaka chomwecho inatsekedwa. Sanasiye kulemba, sanaphwanye lamulo. Mwini msewu anangoukhotetsa.

Musaganize kuti kukula kumateteza. BuzzFeed News, webusayiti ya nkhani ya ku America, inapambana mphoto yapamwamba ya utolankhani ya Pulitzer mu 2021, koma mu April 2023 kampani yake inalengeza kuti ikuitseka chifukwa sinkabweza ndalama. Kampani ya nkhani ya Vice Media, imene mu 2017 inkawerengedwa kuti ndi ya madola 5.7 biliyoni, inapita kukhoti mu May 2023 kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole. Ndipo kuyambira 2024 Google inayamba kuika mayankho opangidwa ndi AI (nzeru za makompyuta) pamwamba pa zotsatira za kusaka. Munthu akapeza yankho pomwepo, alibenso chifukwa chotsegulira tsamba lanu, ndipo tsamba losatsegulidwa silibweretsa ngakhale tambala.

[Pa sikirini: ndemanga zikutsika mofulumira pa foni]

Mabwalo a pa intaneti, kumene anthu amalemba okha, kukambirana ndi kukangana, ali ndi msampha wawowawo. Poyang'ana koyamba amaoneka ngati mgodi, popeza olemba simuwalipira. Koma anthu akachuluka, seva imafunika yaikulu, zithunzi ndi mavidiyo zimadya malo, ndipo pamafunika oyang'anira usana ndi usiku ochotsa zotukwana, zamaliseche ndi za akuba. Pa AdSense, zimene mlendo walemba pa tsamba lanu mlandu wake ndi wanu. Otsatsa nawonso safuna dzina lawo lioneke pafupi ndi zonyansa. Mu 2017, nyuzipepala ya The Times ya ku London itaonetsa kuti malonda a makampani odziwika akuoneka pa mavidiyo a magulu a zauchigawenga ndi a chidani, makampani ambiri komanso boma la Britain anachotsa malonda awo pa YouTube. Malamulo anakhwima, ndipo opanga mavidiyo ambiri osalakwa anaona ndalama zawo zikutsika.

Tumblr, bwalo limene anthu amaikapo zolemba ndi zithunzi zawo, ndi chitsanzo chomvetsa chisoni. Yahoo inaigula mu 2013 pa madola 1.1 biliyoni poganiza kuti khamu lake lidzasanduka ndalama za malonda. Sizinatheke. Mu December 2018 analetsa zithunzi zamaliseche, anthu ambiri anachoka, ndipo mu 2019 inagulitsidwa ku kampani ya Automattic pa mtengo umene manyuzipepala anati sunafike madola 3 miliyoni. Mukasiya bwalo lili lotayirira otsatsa amathawa, mukalimanga kwambiri amathawa ndi anthu. Reddit, webusayiti ya mabwalo okambirana, inayamba mu 2005, koma mu 2023 inapeza madola 804 miliyoni n'kutha chaka italuza pafupifupi madola 91 miliyoni, chikhalirecho oyang'anira mabwalo ake ambiri ndi ongodzipereka osalandira malipiro. Twitter, imene pafupifupi 90 peresenti ya ndalama zake inkachokera kwa otsatsa, itagulidwa ndi Elon Musk mu October 2022, mwini wakeyo ananena mu July 2023 kuti ndalama za malonda zatsika ndi pafupifupi theka.

Ndiye tinene kuti njirayi sigwira ntchito? Imagwira, koma kwa ena. Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, pafupifupi ndalama zake zonse zimachokera kwa otsatsa, chifukwa okushoniyo ndi yake ndipo ili ndi anthu mabiliyoni. Imagwiranso kwa munthu mmodzi kapena awiri amene ndalama zoyendetsera ntchito ndi zochepa, mutu wawo ndi umodzi womveka, ndipo owerenga awo ali ndi chimene akufuna kugula. Amene amapsa kwambiri ndi apakatikati: alemba ntchito anthu, achita lendi ofesi, malipiro a mwezi ndi mwezi ndi okhazikika pomwe ndalama yolowa imasintha ngati mitengo ya tomato.

Mwini tsamba akapanikizika amaonjezera mabokosi a malonda: pamwamba, pakati, pansi, lina lotchinga nkhani yonse. Ganizirani wowerenga amene wagula kabandulo ka tsiku limodzi. Bokosi lililonse likudya deta yake, tsamba likuchedwa kutseguka pa netiweki yofooka, foni ikutentha. Amatseka, ndipo mawa sabweranso. RPM ikhoza kukwera mwezi umenewo, koma owerenga akutha.

[Pa sikirini: November 2023]

Kwa amene muli ku Malawi pali nkhani ya kwacha. Seva ndi dzina la webusayiti nthawi zambiri zimalipiridwa m'madola. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene ankalandira madola kuchokera kunja anapumako, koma amene otsatsa ake ankalipira makwacha pa mgwirizano wa chaka chonse anadzuka bilu ya seva itakwera, ndalama yolowa ili pomwepo. Onjezerani kuvuta kwa ndalama zakunja, kumene kumachititsa kuti khadi ya ku banki ikanike kulipira. Dzina la webusayiti likatha nthawi osalipiridwa, tsamba limazima, ndipo pakapita nthawi wina akhoza kuligula. Lilipireni miyezi ingapo lisanathe, ndipo ngati n'kotheka lipiranitu zaka ziwiri.

Kwa tsamba la Chichewa, ndalama yogwirika ili pogulitsa malo mwachindunji: kwa wogulitsa mbewu ndi feteleza, sukulu yapulaiveti, loji, kampani yotumiza katundu kuchokera ku Joni. Apa mtengo mumatchula ndinu, ndipo wowerenga wa ku Dedza uja, amene okushoni ya Google inamupeputsa, ndiye kasitomala weniweni wa wogulitsa mbewuyo. Konzani pepala limodzi losonyeza owerenga anu pamwezi, kumene ali ndi mafoni amene amagwiritsa ntchito, manambala ake otengedwa pa Google Analytics, chida chowerengera alendo a pa webusayiti, osakokomeza. Tchulani mtengo wa mwezi pa malo aliwonse. Mgwirizano ukhale wa miyezi itatu kuti kwacha ikagwedezeka muthe kukonzanso mtengo, ndipo theka la ndalama lilowe pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki chithunzi chisanakwere, chifukwa kulondalonda ngongole ya malonda amene anaoneka kale n'kovuta.

Njirayi nayonso ili ndi minga. Wotsatsa mmodzi akamakupatsani theka la ndalama zanu zonse, tsiku limene kampani yake yalakwira anthu mudzavutika kulemba nkhaniyo. Choncho lembani mu mgwirizano kuti wagula malo a chithunzi, nkhani za pa tsambalo alibe nazo mphamvu. Nkhani iliyonse yolipiridwa ikhale ndi mawu oonekera pamwamba akuti "Yolipiridwa". Ndipo mwezi uliwonse werengerani gawo limene wotsatsa wamkulu akupereka. Likapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse zolowa, sabata imeneyo muigwiritse ntchito posaka wotsatsa wina.