Makalata a omvera: "Apongozi akuti mkaka wanga ndi wochepa"

Tiyambe ndi kalata ya mayi amene wabereka mwana wake woyamba masabata atatu apitawa. Akuti: "Mwana wanga amalira kwambiri madzulo ndipo amafuna bere pafupifupi ola lililonse. Mabere anga afewa, salimbanso ngati poyamba. Apongozi akuti mkaka ndi wochepa, ndizimumwetsako madzi. Ndichite bwanji?"

Zikomo mayi. Musanaweruze bere, werengani matewera. Khanda lomwe likukhuta limanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wake suchita chikasu kwambiri, ndipo kusikelo limakwera. Masiku oyamba limatsika pang'ono, koma pofika masabata awiri nthawi zambiri limabwerera pa kulemera komwe linabadwa nako. Ngati wanuyo akutero, mkaka ulipo. Kuyamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku si zachilendo, ndipo makanda ambiri amapanikiza bere madzulo.

Bere likafewa ndiye kuti thupi lazolowera muyeso wa mwana. Mkaka umapangidwa potengera mmene ukutulukira: mwana akayamwa kwambiri, thupi limapanga wambiri. Mukamupatsa madzi, kamimba kake kadzaza, ayamwa pang'ono, mkaka uyambadi kuchepa, ndipo apongozi adzati "ndinanena ine". Madziwo akhozanso kumutsegula m'mimba. Za ludzu musade nkhawa, mkaka wa m'bere pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse ndi madzi. N'chifukwa chake mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kenako kuyamba zakudya zofewa uku bere likupitirira mpaka zaka ziwiri kapena kuposa.

Onaninso kagwiridwe ka bere. Mwana ayasamule bwino, chibwano chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo m'kamwa mulowe mbali yaikulu yakuda ija, osati nsonga yokha. Ngati nsonga zikung'ambika, kapena matewera ndi ouma, kapena mwana akungogona osafuna kuyamwa, pitani kuchipatala lero lomwe. Apongoziwo musakangane nawo, akuda nkhawa ndi mdzukulu wawo. Atengeni kusikelo akamve okha.

Kalata yachiwiri ikuti: "Ndikulandira mankhwala a khansa ndipo adokotala anandiletsa kuyamwitsa. Ndikatulutsa botolo pagulu, amayi anzanga amandiyang'ana ngati ndine waulesi."

Pepani mayi. Anthu amafulumira kuweruza asanafunse, ndipo mulibe ngongole yofotokozera aliyense za matenda anu. Inu samalani kakonzedwe basi. Mkaka wa ufa wa m'chitini ukhoza kukhala ndi tizilombo, choncho wiritsani madzi ndipo musungunule ufawo madzi asanazizire kutsika madigiri 70, kenako muuziziritse musanamupatse mwana. Tsatirani muyeso wolembedwa pachitini. Kuwonjezera madzi kuti chitini chikhalitse kumanyentcheretsa mwana. Mkaka wokonza kale ukatha maola awiri pamtunda, tayani. Ngati botolo likuvuta kutsuka, kapu yaing'ono imagwira ntchito bwino.

Ena omwe mukumvera musasiye kuyamwitsa pongomva zimenezi. Mankhwala ambiri saletsa bere, ndipo mayi yemwe ali ndi HIV akamamwa ma ARV mokhulupirika amayamwitsa motsatira uphungu wa kuchipatala. Funsani kaye.

Yomaliza ndi ya bambo wina, yaifupi: "Ine bere ndilibe, ndithandiza chiyani?"

Bambo, ntchito ilipo yambiri. Chapani matewera, phikani, mubweretsereni mayi madzi akumwa akamayamwitsa, ndipo mwana akayamwa usiku mumunyamule paphewa abyukule kuti mayi agoneko. Alendo akachuluka kapena akayamba kulamula zoti mwana amwe, muyankhe ndinu. Mayi akamangolira, osasangalala ndi chilichonse kwa masabata oposa awiri, mupite naye kuchipatala, chifukwa matenda a nkhawa obwera mayi akangobereka alipo ndipo amachizika.