Statistics kwa ana a social work: yambani ndi funso, fomula ibwere pambuyo

[Kamera pa wolankhula]

Moni nonse, takulandiraninso pa tchanelo pano. Lero tikamba za kosi imene ana a social work ambiri amaiwopa kuposa ina iliyonse, statistics yoyambirira ija ya chaka choyamba kapena chachiwiri ku yunivesite. Ndikulankhula kwambiri ndi inu amene mumaiphunzitsa, malekichala, koma ngati ndinu wophunzira musathawe, khalani pompo chifukwa nkhaniyi ndi yanunso.

Mwana amene wasankha social work nthawi zambiri amakhala kuti akufuna kugwira ntchito ndi anthu, ana amasiye, amayi ochitiridwa nkhanza, agogo amene atsala okha ndi zidzukulu, ndipo ena, tisabisane, anathawa masamu ku sekondale. Nde tsiku loyamba mwalowa m'kalasi, mwatenga choko, mwalemba sigma wamkulu uja pa bolodi ndi x yokhala ndi kamzere pamutu, basi mwawataya pomwepo. Theka la kalasi lingokopera osamva kanthu, mayeso akayandikira aloweza usiku wonse, apeza 50 yawo, sabata yotsatira zonse zauluka.

Ine maganizo anga ndi akuti tsiku loyamba pa bolodi pasalembedwe fomula iliyonse. Palembedwe funso limodzi lokha: zimene tikuwachitira anthuzi zikuthandizadi? Kenako muwafotokozere nkhani iyi.

[Pa sikirini: Cambridge ndi Somerville, Massachusetts, 1939]

Ku America kunali dokotala wina dzina lake Richard Cabot, munthu wokonda ntchito yosamalira anthu, amene anayambitsa pulojekiti yothandiza anyamata a m'matauni a Cambridge ndi Somerville kuti asalowerere mu umbanda. Chithandizo chinayamba mu 1939. Chimene bamboyu anachita mosiyana ndi anzake n'chakuti anyamatawo anawaika awiriawiri, ofanana msinkhu, ofanana kumene akuchokera ndi khalidwe, kenako n'kuponya ndalama m'mwamba kuti ione amene alowe mu pulojekiti ndi amene atsale kunja. Olowawo anapatsidwa mlangizi wowayendera kunyumba pafupifupi kawiri pamwezi kwa zaka ngati zisanu, ena kuwathandiza za kusukulu, ena kuchipatala, ena kuwatumiza ku makampu a pa holide. Anzawo aja sanalandire kalikonse. Mukamva choncho mungati eee, apa zinayenda.

Patapita zaka pafupifupi 30, katswiri wofufuza za umbanda, Joan McCord, anawafufuza anthu aja atakula, 253 mbali iyi ndi 253 mbali inayo, ndipo zotsatira anazitulutsa mu 1978. Ambiri mwa amene anathandizidwa, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse amene anayankha, ananena kuti pulojekiti ija inawathandiza, ena mpaka kukumbukira alangizi awo ndi chikondi. Koma atayang'ana m'mabuku a makhothi, a zipatala ndi a imfa, zinali zina. Amene anathandizidwa aja ndi amene anapezeka ochuluka pa kubwereza milandu, pa uchidakwa, pa matenda aakulu a maganizo, ndipo mwa amene anali atamwalira, iwowa anafa ali aang'onoko kuposa anzawo amene sanalandire kanthu. Pambuyo pake McCord anakayikira kwambiri makampu aja, kuti kusonkhanitsa anyamata ovuta pamodzi mobwerezabwereza kumapangitsa kuti aziphunzitsana zoipa.

[Kamera pa wolankhula]

Mukafika pamenepa imani kaye, musathamange. Afunseni ophunzirawo kuti pakanapanda gulu lachiwiri lija, lipoti la pulojekitiyi likananena chani? Aliyense akuyankhani kuti likanati zayenda bwino, chifukwa eni ake akuyamikira, alangizi anagwira ntchito ndi mtima wonse, ndipo ambiri mwa anyamatawo anakula n'kukhala abambo abwinobwino. Palibe akanadziwa kuti osathandizidwawo zikuwayendera chimodzimodzi, pena kuposa. Apa nde mwana wa social work amayamba kuona kuti manambala aja akukhudza ntchito yake yeniyeni, kuti munthu ungakhale ndi mtima wabwino bwanji ukhoza kuvulaza amene ukumuthandiza osadziwa. Control group (gulu losathandizidwa lija), randomisation (kusankha poponya ndalama kuja), mawu onsewa muwatchule nkhani itatha, akhala atawamva kale tanthauzo lake.

Chachiwiri chimene ndimafuna chilowe msanga ndi msampha wa kuyeza poyamba ndi pomaliza basi. Awa nde malipoti amene ana athu akalemba akayamba ntchito ku boma kapena ku mabungwe. Apatseni chitsanzo chongopeka ichi: bungwe lafika m'mudzi mu February, layeza ana pa sikelo, lafunsa mabanja kuti akudya kangati patsiku, layambitsa makalabu a amayi, labweranso mu May n'kupeza kuti ana anenepa ndipo mabanja akudya katatu. Kodi ndi makalabu aja? Mwana aliyense wokulira kuno akuuzani kuti February ndi mwezi wa njala, nkhokwe zilibe kanthu, pomwe May anthu akolola, muli chimanga, maungu, mtedza. Ngakhale mudzi woyandikana nawo umene bungwe silinapondeko nawonso ana anenepa. Izi sizifuna kalikuleta, koma ndi statistics yeniyeni.

Palinso mnzake wa msampha umenewu, regression to the mean, imene wasayansi wa ku England, Francis Galton, anaifotokoza m'zaka za m'ma 1880 poyeza kutalika kwa makolo ndi ana awo. Mu social work imaoneka chonchi: munthu amabwera ku ofesi zinthu zikafika poipitsitsa, banja likayambana koopsa, mwana akajomba kusukulu mwezi wathunthu. Mukamuyezanso patapita miyezi itatu, ambiri amakhala atabwererako pang'ono kumene amakhala nthawi zonse, kaya mwachitapo kanthu kaya ayi. Nde ife timatenga kusinthako n'kudziwombera m'manja.

[Pa sikirini: manambala khumi]

Tsopano tibwere ku avereji. Apa ndimakonda kuti ophunzira agwire okha ndi manja. Lembani mabanja khumi ongopeka, asanu ndi anayi akupeza K40,000 pamwezi, limodzi lili ndi golosale ndi chigayo likupeza K1,240,000. Auzeni awerengere mean, avereji ya masiku onse ija. Apeza K160,000. Kenako muwafunse kuti m'mudzimo ndi banja liti limene likupeza K160,000? Palibe ngakhale limodzi. Asanu ndi anayi aja nambalayo sanaionepo, wa chigayo uja ikumuchepera kutali. Tsopano aike manambalawo pamzere kuyambira yaing'ono, atenge ya pakati, median, apeza K40,000, imene ikufanana ndi moyo wa anthu a m'mudzimo. Mukatero muwauze aganize kuti lipoti lapita kwa amene amagawa thandizo lili ndi K160,000, mudzi umenewo uchotsedwa pa mndandanda chifukwa cha munthu mmodzi. Pa nkhani za ndalama, masiku amene mlandu wa mwana ukutenga, kapena miyezi imene munthu wakhala akudikira thandizo, nthawi zambiri pamakhala ochepa otalikira kwambiri amene amakoka mean, nde median isamasowe.

Standard deviation ibwere pambuyo pa zimenezi, ngati yankho la funso lakuti anthuwa atalikirana bwanji. Aiwerengere pamanja kamodzi kokha ndi manambala asanu kuti aone mmene imapangidwira, zikatha apo isiyireni kompyuta. Kuwapatsa manambala 40 kuti azisikweya pamanja m'mayeso ndikungowazunza, palibe amene akachite zimenezo kuntchito.

[Pa sikirini: 1936]

Za sampo, kagulu ka anthu kamene timafunsa kuti kaimire onse, ndili ndi nkhani ina yaifupi. Mu 1936 magazini ya Literary Digest inatumiza makadi pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu a ku America amene amuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Wofufuza maganizo a anthu wina, George Gallup, ndi sampo yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, analosera zolondola kuti Roosevelt awina. Vuto la magazini ija linali lakuti maina ambiri anawatenga m'mabuku a mafoni ndi a eni magalimoto, nthawi imene osauka analibe zonsezi, kuphatikizapo kuti amene anavutika kubweza makadiwo sanali ofanana ndi amene anangowataya.

Kwa mwana wa social work phunziro lake lili pafupi kwambiri. Anthu amene amafika pa ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma ndi amene ali ndi ya thiransipoti, amene akudziwa kuti ofesiyo ilipo, amene kunyumba awalola kutuluka. Mayi amene akumenyedwa kwambiri mwina ndi amene sangafike n'komwe. Mukapanga kafukufuku wa pa foni kapena fomu ya pa WhatsApp, agogo opanda foni aja mwawasiya kunja, ndipo kuchulukitsa oyankha sikukonza zimenezo. Funso loti ndani sali pa mndandandawu ophunzira alizolowere mpaka lizibwera lokha.

[Kamera pa wolankhula]

Ena mukhala mukuti zitsanzo zonsezi bwanji za ku America. Zakwathu zilipo ndipo ndi zabwino. Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006 ngati kuyesa chabe, ndipo wakhala akufufuzidwa poyerekeza mabanja olandira ndi osalandira. Ku Zomba mu 2008 ndi 2009 kunachitika kafukufuku wotchuka wa Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Madera anawagawa mwa maere: kwina ndalama zimaperekedwa pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu, kwina zimaperekedwa popanda lamulo lililonse, kwina osalandira. Zotsatira zake n'zokoma kukambirana m'kalasi chifukwa sizinagwere mbali imodzi. Ndalama za lamulo zija zinachita bwino pa kusunga atsikana pasukulu, koma pa kuchepetsa maukwati ndi mimba za msanga zimene zinachita bwino ndi zopanda lamulo, makamaka chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu amapitiriza kulandira. Agaweni ophunzira m'magulu awiri muwauze kuti ndinu alangizi a unduna, musankha iti? Muona mkangano wake, ndipo mosazindikira akhala akukangana za outcome, kuti tikamati pulogalamu yagwira ntchito tikuyeza chani.

Data yoti azisewera nayo isachokere m'buku la kunja lokamba za baseball. National Statistical Office ku Zomba ili ndi malipoti a kalembera wa 2018, amene anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, komanso a Demographic and Health Survey, momwe muli matebulo a zaka zimene atsikana akukwatiwa, maphunziro a amayi, nkhanza za m'banja, boma ndi boma. Mwana wa ku Mangochi kapena ku Chitipa akaona mzere wa boma lakwawo amadzuka yekha n'kuyamba kufunsa kuti bwanji ife tili apa. Akatenga zochokera ku atachimenti, chonde maina, midzi ndi chilichonse chozindikiritsa munthu zichotsedwe zisanalowe mu laputopu ya aliyense, awa ndi mafayilo a ana ndi anthu ovutika.

Za mapulogalamu sinditaya nthawi. SPSS ndi yabwino koma laisensi yake ndi yodula. Excel ikukwanira pa theka loyamba la semesita, jamovi ndi yaulere ndipo maonekedwe ake akufanana ndi SPSS, KoboToolbox pa foni yotolera data ndipo ndi imene ambiri akaipeze ku mabungwe. R isiyeni kaye, kupatula kwa awiri atatu amene akuoneka kuti aikonda.

Nanga p-value? Iphunzitseni, chifukwa akaipeza m'mapepala onse amene aziwerenga, koma mochedwa komanso mosamala. Malire a 0.05 aja, oti p-value ikatsika kuposa pamenepo zotsatira amazitcha significant, anatchuka ndi katswiri wa statistics Ronald Fisher m'zaka za m'ma 1920 ngati muyezo wosavuta kugwiritsa ntchito, sanatsike kumwamba. Chimene p-value imanena n'chakuti, tikayerekeza kuti pulogalamu sinasinthe kalikonse, kusiyana kwakukulu ngati kumene taonaku kukanabwera kangati mwamwayi chabe. Sikuuza kuti kusinthako n'kwakukulu kapena kuti n'kofunika. Ndi anthu 20,000 kusiyana kwa tsiku limodzi pa chaka pa kujomba kusukulu kukhoza kutuluka significant, koma kodi mungawononge bajeti yonse chifukwa cha tsiku limodzi? Nde nthawi zonse azifunsa kuti zasintha ndi zingati, pa anthu angati.

Pomaliza ndi mayeso, chifukwa ana amaphunzira zimene akudziwa kuti zifunsidwa. Mukaphunzitsa nkhani zonsezi kenako pepala n'kubwera ndi mafomula okhaokha, chaka chamawa akauzana kuti nkhanizo musamvere, lowezani mafomula. M'malo mwake apatseni tsamba limodzi la lipoti longa la bungwe, lokhala ndi tebulo ndi girafu ndi chiganizo chonena kuti pulojekiti yathu yachepetsa maukwati a ana ndi theka, muwauze alembe kalata ya theka la tsamba kwa bwana wawo yonena ngati akukhulupirira kapena ayi, ndi zifukwa zake: anayerekeza ndi ndani, anayeza mwezi uti, ndani sanafunsidwe, theka la anthu angati. Kuchonga kwake kumatenga nthawi kuposa multiple choice, zimenezo n'zoona, kalasi ikakhala ya anthu 150 achite awiriawiri.

Vidiyo yotsatira titsegula jamovi limodzi, tilowetsa mabanja khumi aja ndi kupanga girafu yoyamba, nde ikani pulogalamuyo mu laputopu yanu tisanakumane. Ngati mumaphunzitsa kosi imeneyi tiuzeni m'munsimu mutu umene ana anu amakakamira kwambiri. Zikomo, tionana.