Makalata a omvera: uchi wa agogo a ku Yemen, shisha wa ku Fordsburg ndi chipepeso chochedwa

Takulandiraninso nonse okondedwa omvera, amene munaphonya pulogalamu ya dzulo ndakulemberani pano monga mwa masiku onse. Sabata yatha ija ndinangotchulako pang'ono kuti Aluya okhala m'maiko a eni anadutsa mu mliri wa Covid mwanjira yawoyawo, eee foni yanga sinapume, mameseji kubwera ngati mvula, wina mpaka kulemba kalata pamanja nkuijambula nkutumiza pa WhatsApp. Kodi a Malawi tili paliponse eti. Ndasankhapo zinayi basi, enanu mundikhululukire.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Birmingham, kwawo akuti ndi ku Ntcheu. Akuti:

"Zikomo achimwene chifukwa cha pulogalamu yathuyi, ndimamvera pa intaneti ndikaweruka. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ndipo kuyambira 2019 ndimapita kwa agogo ena a ku Yemen mbali ya Balsall Heath. Agogowa ndimawakonda ngati mayi anga ondibereka, amanditchula kuti binti, ndiye kuti mwana wanga wamkazi. Nthawi ya Covid ija m'nyumba monse munkangoti lubani fuuu, m'mawa uliwonse supuni ya uchi wosakaniza ndi timbewu takuda amati habba soda, madzulo tiyi wa yansoon, ana awo mpaka kumanditumizira ine mavidiyo a Chiarabu oti mu yansoon muli mankhwala a Tamiflu. Masiki sankafuna ndivale, amati binti kodi ndayamba kukununkhira, nkumandikoka kuti andipsompsone patsaya. Katemera woyamba anabayitsa movutikira mu 2021 koma pano ali ndi zaka 84, ali ndi shuga, kalata ya katemera wa nyengo yozizira yabwera akuti ayi zonse ndi maktub, zinalembedwa kale. Kodi timbewuti timagwiradi ntchito? Nanga ndiwauze bwanji osaoneka ngati ndikunyoza chipembedzo chawo poti ine ndine wa CCAP."

Achemwali, choyamba ndiseke kaye pang'ono, osati kuseka agogowo ayi, kudziseka tokha. Mukukumbuka January 2021 kuno kumudzi, pomwe nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama zinamwalira tsiku limodzi pa 12? Mitengo ya bulugama inatha masamba mpaka kunsonga, aliyense bulangete kumutu mphika wa nthunzi pansi, mandimu kukwera mtengo ngati nyama. Ine ndemwe ndinapsa mphuno, musawauze anthu. Ndiye agogo anuwo ndi lubani wawo sakusiyana nafe.

Za timbewuto, ndi mbewu yotchedwa Nigella sativa, ena amati habbat al-baraka, ndipo chifukwa chomwe amaikhulupirira kwambiri nchakuti muli hadith, mawu a Mtumiki Muhammad, yomwe imati mbewu yakudayi ndi mankhwala a nthenda iliyonse kupatula imfa. Ndiye mukati agogo tayani zimenezo mwagunda pamtima penipeni, musayerekeze. Asiyeni azidya, pang'ono ngati zokometsera chakudya sizipweteka, koma sikuti yavomerezedwa ngati mankhwala a Covid kapena kulowa m'malo mwa katemera. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi uchiwo kwa munthu wa shuga, supuni tsiku ndi tsiku, chimenecho mukachitchule kwa nesi wawo. Za yansoon zija ndi msokonezo wa maina basi. Tamiflu amapangidwa kuchokera ku asidi yemwe amapezeka mu mbewu ina ya ku China yooneka ngati nyenyezi, star anise, pomwe yansoon wa tiyi ndi chomera china, komanso asidiyo amadutsa m'fakitale masitepe ambirimbiri asanakhale piritsi, kuwonjezera apo Tamiflu ndi wa chimfine cha fuluwenza osati Covid. Tiyi ndi wokoma, amafewetsa pakhosi, pamenepo ndi pomwe pathera.

Tsopano za maktub. Inu musalimbane nawo pa za Mulungu, muluza, ndipo si malo anu. Koma chipembedzo chawo chomwecho chili ndi yankho lomwe mwana wawo kapena shehe wawo angawakumbutse. Cha m'ma 639 kunagwa mliri waukulu wotchedwa wa Amwas ku dera la Syria ndi Palestine, Khalifa Umar, mtsogoleri wa Asilamu nthawi imeneyo, ali paulendo wopita komweko anamva za mliriwo ali pamalo otchedwa Sargh nkuganiza zobwerera, ndiye mkulu wa asilikali ake Abu Ubayda anamufunsa kuti kodi ukuthawa chikonzero cha Allah? Umar anayankha kuti inde, tikuthawa chikonzero cha Allah kupita ku chikonzero cha Allah. Palinso hadith yoti mukamva kuti kwina kwagwa mliri musapiteko, ukagwa komwe muli musatulukeko, ndi ina ya munthu wa ngamira uja anauzidwa kuti imange kaye kenako udalire Allah. Agogo a zaka 84 a ku Yemen nkhanizi amazidziwa kuposa ine ndi inu.

Ndipo inu muli pamalo abwino, ku Balsall Heath konko ndi komwe mzikiti woyamba ku Britain unasanduka malo obayira katemera mu January 2021, Al-Abbas Islamic Centre. Anthu ena omwe ankakayika anapita okha atamva kuti akubayira kumzikiti. Pezani mwana wawo wamkulu, makamaka amene amamumvera, mukhale naye pansi, iyeyo ndi amene ayankhule. Za masikizo auzeni chilungamo kuti mumalowa nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi patsiku, mukuopa kuwabweretsera za kwa eni, dzanja pachifuwa nkuwerama pang'ono, kwa Aluya umenewo ndi moni waulemu ndithu.

Yachiwiri ndi yaifupi koma yandikalipira, yachokera kwa a mwalimu a ku madrasa ina ku Mangochi:

"Assalamu alaikum bambo muulutsi. Sabata yatha munayankhula ngati Mluya ndi Msilamu ndi chinthu chimodzi, komanso ngati Asilamu ndi amene ankakana malangizo. Kodi mwaiwala kuti Haji ya 2020 inachepetsedwa? Konzani."

Wa alaikum salaam shehe, ndavomera, ndinaphatikiza zinthu. Aluya ambiri okhala kunja ndi Akhristu, a Coptic a ku Egypt, a Maronite a ku Lebanon, ndipo Asilamu ambiri padziko si Aluya, inu nomwe ndinu umboni. Za Haji mukunena zoona, Saudi Arabia inaimitsa Umrah, ulendo waung'ono wachipembedzo wa ku Makka, kwa obwera kunja kumapeto kwa February 2020, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lisanalengeze nkomwe kuti ndi mliri wa dziko lonse pa 11 March, Haji yomwe inkasonkhanitsa anthu oposa 2 miliyoni chaka chimenecho inangokhala ya kagulu kochepa ka okhala m'dzikomo, mu 2021 analola 60,000 obayitsa katemera okhaokha. Ku Kuwait woitanira mapemphero anasintha mawu nkumati pempherani m'nyumba mwanu. Ndiwonjezerenso kuti mwa madokotala oyambirira kufa ndi Covid ku Britain mu March 2020 munali awiri ochokera ku Sudan, Adil El Tayar ndi Amged El-Hawrani, ndipo amene ankatsogolera za sayansi pa ntchito yofulumizitsa katemera ku America, Moncef Slaoui, anabadwira ku Morocco. Ndakonza shehe, musatseke wayilesi.

Yachitatu, mnyamata wa ku Joni, akuti kwawo ndi ku Nkhotakota:

"Bigi ine ndimagwira ntchito pa malo ena omwera tiyi ndi shisha, fodya wokokera pa paipi yodutsa m'botolo la madzi, mbali ya Fordsburg, bwana wanga ndi wa ku Egypt. Lokidauni ya 2020 tinatseka kutsogolo koma kumbuyo anzawo ankabwerabe usiku, paipi imodzi anthu asanu kumangopatsirana, ine ndi amene ndimayatsa makala ndi kutsuka. Bwana amati madzi a m'botolo muja amasefa tizilombo tonse ndipo utsi otentha umapha vayilasi. Mpaka lero amatero chimfine chikavuta. Ine pano ndimatsokomola kwambiri m'mawa komanso mutu umandipweteka ndikaweruka. Zoona zake ndi ziti?"

Aise, bwana wako mwina ndi munthu wabwino koma apa wanama. Madzi aja amangoziziritsa utsi kuti usakande pakhosi, nchifukwa chake munthu amaukoka wambiri mpaka pansi pa mapapo, sasefa tizilombo, ndipo payipi ija mkati mumakhala chinyontho cha mpweya wa aliyense amene wakokapo, kusintha kapulasitiki ka kukamwa kokha sikukwanira. WHO inanenapo kale mu 2005 kuti pa kukhala kumodzi kwa shisha munthu atha kukoka utsi wochuluka ngati wa ndudu 100 kapena kuposa. Umuuze bwanayo mwaulemu kuti kwawo komwe ku Egypt boma linaletsa shisha m'malo omwera khofi mu March 2020, ndiye ngati madzi amasefa analetseranji. Ku South Africa nako fodya analetsa kugulitsa kuyambira pa 27 March mpaka pakati pa August chaka chomwecho, zomwe munkachita kumbuyozo unali mwayi chabe kuti simunakwizingidwe.

Koma ine za bwana wako sizikundikhudza kwambiri, ndikuda nkhawa ndi iweyo. Mutu wopweteka ukaweruka ungakhale mpweya woipa wa makala, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June, ulibe fungo. Yatsira makala panja, mawindo atsegulidwe. Chifuwa cha m'mawa chikapitirira masabata awiri pita kukiliniki ukayezetse TB, ku Joni TB ndi yambiri ndipo kuyeza m'zipatala za boma ndi kwaulere, usadikire mpaka uyambe kutuluka thukuta usiku.

Yomaliza yandikhudza, yachokera ku Michigan ku America kwa mayi wina nesi:

"Achimwene ine ndimakhala ku Dearborn, kuno ukayenda mu Warren Avenue zikwangwani zambiri ndi za Chiarabu. Aneba anga ndi a ku Lebanon, nditafika kuno ndi amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto pa chipale. April 2020 bambo a m'nyumbamo anamwalira ndi Covid, anaitenga pa chakudya cha banja, ana ndi zidzukulu anthu pafupifupi 20 chifukwa kwa iwo kusapita kukaona makolo Lamlungu ndi chipongwe chachikulu. Kumanda kunapita anthu owerengeka, azza yomwe amakhala masiku atatu kulandira opepesa inachitikira pa Zoom, ine ndinali pa shifiti ya usiku ndipo ndinkaopa kuwapatsira, ndinangoimika dzanja pawindo. Mpaka lero mayiwo timangopatsana moni wa patali, ndimaona ngati anandikwiyira. Chinanso chomwe chinkandipweteka kuntchito, pa fomu odwala achiluya tinkawalemba kuti azungu, ndiye palibe ankadziwa bwinobwino kuti akufa angati. Kodi ndingapitebe kukapepesa papita zaka zonsezi?"

Mayi, za fomuzo mukunena zoona, boma la America kwa zaka zambiri linkawerenga anthu ochokera ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa ngati azungu, ndiye pomwe ziwerengero za anthu akuda zinkaoneka poyera, za Aluya zinkamira mwa ena, mabungwe ngati ACCESS a ku Dearborn konko ndi amene ankathamanga ndi mauthenga a Chiarabu, kuyeza ndi katemera. Kalembera wa 2020 anaonetsa kuti oposa theka la anthu a mu mzinda wanuwo makolo awo ndi ochokera kumeneko, koma gulu lawolawo pa mafomu a boma analivomereza mu March 2024. Meya wanu Abdullah Hammoud, amene anasankhidwa mu November 2021, anaphunzira za miliri ku yunivesite, ndipo atangolowa anakhazikitsa dipatimenti ya zaumoyo ya mzindawo, ine ndimaona kuti sizinangochitika mwangozi zimenezo.

Za chakudya cha Lamlungu chija sindiwaweruza. Ifenso kuno boma linkati pamaliro anthu asapitirire chiwerengero chakuti koma tinkadzaza msasa, kuimba usiku wonse mapewa atagundana, chifukwa ukapanda kupita mawa akunena kuti ndiwe wodzikonda kapena mfiti imene. Munthu amaopa mawu a abale kuposa kachilombo kosaoneka.

Ndiye pitani mayi. Ine ndikukayika ngati anakwiya, mwina iwonso akuganiza kuti inu ndi amene mukuwathawa poti matenda anayambira m'nyumba mwawo, anthu ambiri anachita nazo manyazi nthawi imeneyo mpaka kubisa kuti wafa ndi Covid. Musatumize meseji, gogodani pachitseko masana, nyamulani kenakake m'manja ngakhale mandasi anu omwe, muwauze kuti usiku umene uja munali kuchipatala ndipo mumaopa kuwapha ndi zomwe munanyamula pa yunifolomu. Mukatchula malemuwo nenani kuti Allah yerhamo, ndiye kuti Mulungu awachitire chifundo, Asilamu ndi Akhristu omwe a ku Lebanon amatero. Akakutulutsirani kakapu kakang'ono ka khofi wowawa uja imwani, musapemphe shuga, ndi khofi wa pamaliro ameneyo. Mudzatilembere mmene zayendera.