Khutu Likatsekeka ndi Khungu Lakufa: Matenda Awiri Amene Ambiri Amawayesa Phula

Moni nonse amene mukutionera, makamaka abale athu a m'boma la Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. Lero tikambirana za chinthu chimene chimatseka khutu, chimene anthu ambiri akachiona amati ndi phula, pomwe si phula ayi.

Njira ya khutu ya munthu wamkulu ndi yotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ndipo imathera pa mwinikhutu. Mbali yakunja ndiyo ili ndi tiubweya komanso ndiyo imapanga phula, koma mbali yam'kati ndi fupa lokutidwa ndi khungu lopyapyala kwambiri. Khungu limeneli, monga khungu lina lililonse, limafundula timamba takufa todzaza ndi keratin, chinthu cholimba chija chimene chimapanganso tsitsi ndi zikhadabo. Chodabwitsa n'chakuti khungu la m'khutu limayenda lokha pang'onopang'ono, kuchokera pa mwinikhutu kulowera kunja, n'kumatulutsa timambato pamodzi ndi phula popanda munthu kuchitapo kanthu. Ulendo umenewu ukasokonekera, timambato timaunjikana mpaka kutseka njira.

Matenda oyamba amatchedwa keratosis obturans, dzina limene dokotala wina wotchedwa Wreden anapereka m'chaka cha 1874. Timamba timasanjikizana mpaka kupanga chibulu choyera ndi cholimba, ndipo dokotala akachitulutsa chimaoneka ngati anyezi wodulidwa pakati, chikopa pamwamba pa chikopa. Matendawa amakonda achinyamata ndi akuluakulu amene sanakalambe, ndipo kawirikawiri amagwira makutu onse awiri. Wodwala amamva ululu woopsa umene ungabwere mwadzidzidzi, ndipo amayamba kumva movutikira chifukwa mawu sakudutsa. Chibulucho chikakhalitsa chimakankha fupa mbali zonse, njira ya khutu n'kukula kuposa m'mene inalili. Ena mwa odwalawa amapezekanso ndi matenda okhalitsa a m'mphuno kapena a m'mapapo.

Matenda achiwiri, cholesteatoma ya m'njira ya khutu, ndi amene ine amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa amabwera mwakachetechete. Kwa zaka zambiri madokotala ankawasokoneza ndi oyamba aja, mpaka m'chaka cha 1980 pamene dokotala wina wotchedwa Piepergerdes ndi anzake anafotokoza bwino kusiyana kwake. Apa khungu silingotseka njira chabe, koma limalowerera m'fupa pamalo amodzi, makamaka pansi pa njirayo, n'kumalidya. Nthawi zambiri amagwira khutu limodzi la munthu wachikulire. Ululu wake ndi wapansipansi koma wosatha, khutu limatuluka mafinya, ndipo munthu angathe kumamva bwinobwino, n'chifukwa chake agogo ambiri amangopukuta ndi kansalu n'kupitiriza ntchito ya kumunda. Komabe fupalo likapitiriza kudyeka, matendawa angafike pa mtsempha umene umayendetsa minofu ya nkhope, mbali imodzi ya nkhope n'kufooka, pakamwa n'kupotoka. Amathanso kuyamba munthu akavulala m'khutu kapena akachitidwa opaleshoni ya khutu, ngakhale ena amangoyamba popanda chifukwa chodziwika.

Palinso matenda a pakhungu monga eczema ndi psoriasis amene amachulukitsa timamba m'khutu, koma amenewa chizindikiro chake chachikulu ndi kuyabwa.

Tsono tikambe za chizolowezi chathu. Nyengo ya fumbi, kapena munthu akaweruka kosankha fodya m'chigafa, si zachilendo kumuona atatenga nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi, n'kumakazunguza m'khutu maso atatsinzina. Chonde, zimenezi tisiye. Kamtengoko kamakankhira chibulu m'kati, kamakanda khungu lopyapyala lija ndipo kangathe kuboola mwinikhutu. Chibulu cha keratin chimamatirira zolimba ku khungu, moti ngakhale kuchipatala amachichotsa mosamala akuyang'ana ndi maikulosikopu, pogwiritsa ntchito tizipangizo tating'ono ndi kachubu koyamwa, ndipo ululu ukachuluka wodwala amayamba wapatsidwa mankhwala ogonetsa. Pakhutu lotuluka mafinya musathire mafuta, madzi a masamba kapena mankhwala a m'maso amene mnzanu wakugawirani.

Ngati khutu lapweteka kwa masiku angapo, likutuluka mafinya, kapena lasiya kumva, pitani kuchipatala chapafupi kapena ku Chipatala cha Boma cha Kasungu kuti akaliwunike. Akakayikira cholesteatoma, angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe kwa akatswiri a makutu, mphuno ndi pakhosi, kumene sikani ya CT imaonetsa kukula kwa fupa limene ladyeka, ndipo ena amafunika opaleshoni. Amene anachotsedwa chibulu cha keratosis obturans adziwe kuti chimakonda kubwereranso, choncho tsiku limene dokotala wawalembera kuti akabwerenso kudzatsukidwa khutu asaliphonye, ngakhale ululu utatha.